Makina Anaona Mtima wa Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga anachira mwana wake wachitatu chimanga chitangoyamba kumasula. Uthenga unandipeza m'kalasi ku Nathenje, kumene ndimaphunzitsa, ndipo ndinatuluka panja kukamuimbira foni kuti ndimve mawu ake. Anaseka n'kunena kuti mwanayo ndi wamkazi, watengera chipumi changa, tsoka lake. Panalibe chovuta chilichonse. Anachira bwinobwino kuchipatala, n'kubwerera kumudzi pa njinga yamoto atafukata khanda lake.

Kwathu ndi kuseri kwa Mitundu, mbali yoyang'ana mapiri a Dzalanyama. Tinabadwa awiri okha, ine ndi iyeyo. Ine sukulu inandichotsa pamudzi. Iye anatsala, nakwatiwa ndi mwamuna wa mudzi wina amene anabwera kudzakhala pachikamwini, nyumba yawo kuyang'anana ndi ya amayi. Mlamu wangayo anali munthu wosachuluka mawu, wa fodya ndi dimba. Chimwalirireni bambo athu, ndiye ankafolera nyumba ya amayi chaka ndi chaka, ndipo amayi ankati ameneyu ndi mwana wamwamuna amene Mulungu anachedwa kuwapatsa.

Pa tchuthi cha Pasaka ndinapita kukaona khanda. Ndinapeza anthu ali m'chigafa, akusoka fodya. Mng'ono wanga anali pa mpando, osati pansi ngati anzake. Atadzuka kuti andilandire chikwama, anaima pakati pa bwalo n'kugwira m'chiuno, akupuma mwa befu ngati watsika kumene paphiri.

"Iwe, ukupumiranji choncho?" ndinamufunsa.

"N'kutopa chabe, achemwali. Kamwanaka kamayamwa ngati kabadwa chaka cha njala."

Ndinayang'ana mapazi ake. Anali atatupa mpaka zingwe za patapata kumira m'mnofu. Nditadinikiza ndi chala pamwamba pa kakolo, panatsala kadzenje kosafuna kubwerera. Anandiuza kuti kugona chagada sakutha chifukwa amabanika, choncho amagona chokhala, atatsamira thumba la chimanga. Ankatsokomolanso kachifuwa kouma kosatherapo.

Kuchipatala anali atapitako kale. Ulendo woyamba anamuyeza malungo, osapezeka, n'kumupatsa mankhwala a chibayo. Ulendo wina anatenga makhololo kukayeza TB, osapezekanso. Anangomuuza kuti magazi achepa pang'ono, azidya masamba. Anthu aja sindiwanena. Anali ndi chomvetsera m'chifuwa, choyezera kuthamanga kwa magazi, ndi mzere wa odwala wofika panja. Choonera m'kati mwa munthu analibe.

Koma pamudzi matendawo anali atapatsidwa kale dzina. Amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Ndiwe mphunzitsi, koma izi si zakusukulu," anatero motsitsa mawu. "Mayi wakhanda akatupa mapazi n'kumatsokomola chonchi, ndi tsempho. Mwambo wotenga mwanayu sunachitike. Mwamuna akayenda kwina nthawi imeneyi, n'kubwera kudzadya m'mbale imodzi ndi mkazi wake, amamudula. Alamu akowa anayenda."

Amayi ndi munthu wopemphera, wosajomba kumsonkhano wa azimayi kutchalitchi. Koma za tsempho anakula nazo, ndipo ali mtsikana anaona mkulu wawo akufa atatupa chimodzimodzi. Ndinawafunsa ngati pali munthu amene anamuona mlamu wangayo ndi mkazi wina.

"Palibe," anayankha. "Koma mapaziwo si mboni?"

Ndinakangana nawo pang'ono, kenako sukulu inatsegulidwa, ndinabwerera ku Nathenje. Zimene zinachitika m'mbuyo mwanga anandifotokozera mng'ono wanga mwiniwake. Amayi anaitana amalume ndi azimayi awiri achikulire, namukhazika mlamu wanga pamphasa. Anamuuza kuti mankhwala a tsempho alipo, koma sagwira ntchito pokhapokha wolakwayo avomere ndi pakamwa pake, athiremo kamchere, n'kumwetsa wodwala ndi dzanja lake. Iye anakana. Anati chikwatirireni sanagonepo ndi mkazi wina. Anamusiya, mawa lake n'kumukhazikanso. Zinapitirira choncho, uku wodwalayo akunkera. Kutupa kunakwera mpaka m'maondo, mimba inayamba kulemera, ndipo potsokomola ankalavula thovu.

Tsiku lina m'mawa mlamu wanga anapita yekha pakhomo pa amayi, nagwada, n'kunena kuti, "Ndinalakwa. Bweretsani mankhwalawo."

Anabwereza mawuwo pamaso pa amalume ndi azimayi aja, n'kumumwetsa mkazi wake anthu akuona. Mng'ono wanga anati anamwa osamuyang'ana kumaso. Mankhwalawo sanasinthe kanthu. Azimayi aja anati ndiye kuti pali zina zimene wabisa, mwina si mkazi mmodzi. Amalume, munthu wofatsa amene sankafuna phokoso, anamupempha kuti ayambe wabwerera kwawo mitima ya anthu izizire. Anamangirira zovala zake panjinga n'kuchoka, fodya wake ali m'chigafa.

Nditamva zimenezi ndinapempha chilolezo kwa ahedi, ndinachita hayala galimoto, n'kukamutenga iye ndi khanda. Ana awiri aakulu anatsala ndi amayi. Inali nyengo yachisanu, msewu uli fumbi lokhalokha, ndipo tinkaima pafupipafupi kuti atsegule chitseko apume. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Mutenge, koma zakuchipatala zinalephera kale."

Nyumba imene ndimachita lendi ku Nathenje ili pamzere umodzi ndi ya namwino wina amene timaimba limodzi kwaya. Anabwera kudzalonjera mlendo, n'kumupeza mng'ono wanga atakhala pakhonde akuwothera dzuwa. Sanayambe ndi mapazi. Anamuyang'anitsitsa m'khosi, pomwe mtsempha unali utafufuma ngati chingwe, n'kumufunsa kuti anachira liti ndiponso amagona bwanji. Kenako anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, mubwere naye kuntchito kwathu mawa. Kuli kachipangizo kamene anatibwereka anthu ena ofufuza za matenda a mtima. Sindikulonjeza kanthu, koma tikaone."

Ndinkayembekeza chimakina chachikulu ngati chojambulira amayi oyembekezera. Namwinoyo anatulutsa m'kabati tabuleti yokhala ngati foni yaikulu, ndi kachipangizo kokwana m'dzanja, kolumikizidwa ndi waya. Ndinamufunsa ngati iye anaphunzira zowerenga zithunzi za mtima.

"Ayi," anatero. "Odziwa zimenezo ndi madokotala ochepa, ndipo ali m'tauni. Ine anangondiphunzitsa kagwiridwe kake. Wowerenga ali m'tabuletimu. Ndi pulogalamu imene anaionetsa zithunzi za mitima yambirimbiri, uku madokotala akuiuza kuti uwu ndi wabwino, uwu ndi wodwala, uwu wadwala chakuti. Ikaphonya ankaikonza, ikaphonya ankaikonza, mpaka inayamba kusiyanitsa yokha. Tsopano ukaionetsa mtima umene sinauonepo, imanena ngati ukupopa bwino kapena ayi."

Mng'ono wanga anafunsa ngati zimapweteka. Namwino anati tiyambe ndi achemwali akowa uone. Anandigoneka chammbali, nandipaka mafuta ozizira pansi pa bere, n'kudinikizapo kachipangizo kaja. Pagalasi la tabuleti panaoneka zotuwa ngati utsi, ndi kamuvi komulozera namwino kosunthira dzanja. Atasuntha pang'ono, chinthu china chinaonekera pakati, chikufinyika n'kumasuka mwamphamvu, ngati munthu akukunga chibakera. Tabuleti inadzilemba yokha mzere wozungulira chinthucho, n'kuonetsa mtundu wobiriwira.

"Mtima wa aphunzitsi ndi umenewu," anatero namwino. "Ndi umene umakalipira ana a eni."

Tinaseka tonse, ndi mng'ono wanga yemwe, mpaka kuseka kunamubweretsera chifuwa.

Kwa iye zinavuta. Akangogona chammbali ankabanika n'kudzuka. Tabuleti inkakana zithunzizo, kulemba kuti sizikuoneka bwino, ayesenso. Namwino anaunjika mapilo, ine ndinakhala kumbuyo kwake kuti anditsamire, khanda titalipatsa mayi wina amene ankadikira panja. Ndinkamva nthiti zake zikukwera n'kutsika pachifuwa panga. Tinayesa kangapo mpaka tabuleti inalandira.

Sindinafunike wondimasulira. Ndinali nditangoona wanga. Wake unali waukulu, wotambasuka ngati chikwama chakale, ndipo m'malo mofinyika unkangonjenjemera m'mbali. Mzere uja unazungulira, osasuntha kwenikweni. Kenako panabwera mtundu wofiira ndi mawu a Chingerezi akuti mtima ukupopa mofooka kwambiri, wodwala aonedwe ndi dokotala msanga.

Mng'ono wanga anayang'anitsitsa galasilo nthawi yaitali.

"Umenewo ndi wanga?"

"Ndi wako," anatero namwino. "Mnofu wake wafooka. Sukutha kukankha magazi mokwanira, ndiye madzi akutsalira m'mapapo ndi m'miyendo. N'chifukwa chake ukutupa, n'chifukwa chake ukubanika." Anapukuta mafuta aja n'kupitiriza. "Koma mumve bwino nonse awiri. Makinawa si dokotala. Mitima yambiri imene anaphunzirirapo ndi ya anthu akutali, osati ya kuno, ndiye nthawi zina amaphonya. Zithunzizi ndizitumiza m'tauni tsopano lino, ndipo inu mupite konko dokotala akaone ndi maso ake."

Anamubaya jakisoni wochotsa madzi m'thupi, n'kutipezera malo mu ambulansi imene inkapita m'tauni masana omwewo.

Kuchipatala chachikulu anamugoneka. Dokotala wina wamkazi anamujambulanso ndi makina aakulu, n'kunena kuti tabuleti ija sinaname. Anatifotokozera kuti pali matenda a mnofu wa mtima amene amagwira amayi ena kumapeto kwa pakati kapena miyezi yoyamba atachira, ngakhale amene sanadwalepo mtima chibadwire. Ndinamufunsa chimene chimayambitsa.

"Pali zimene timaganizira, koma chenicheni sitinachidziwe bwino," anayankha. "Ena mtima umabwerera mwakale, ena subwerera. Tidziwa pakapita miyezi." Anatembenukira kwa mng'ono wanga. "Mayi, mankhwalawa muzimwa tsiku lililonse, ngakhale mutamva bwino. Mchere muchepetse kwambiri. Ntchito zolemetsa musiye. Ndipo pakati pena musatengenso, chifukwa mtimawu sungathe kunyamula anthu awiri."

Madzi anayamba kuchoka. Ankakodza mpaka kudandaula kuti chimbudzi chamutopetsa. Mapazi anaphwa, khungu n'kutsala makwinya ngati la nkhalamba. Tsiku limene anatuluka, anayenda yekha kuchokera pa siteji ya minibasi ku Nathenje mpaka kunyumba kwanga, akupumira m'njira, koma yekha.

Amayi anabwera kudzamuona. Analira ataona mapaziwo, n'kugwada kuthokoza Mulungu. Ine ndinali nditakonzekera mawu anga. Ndinawafotokozera zonse, za tabuleti, za mtima umene tinauona ndi maso, za dokotala wa m'tauni. Ndinati matendawa ali ndi dzina lake, amagwira amayi ambiri, ndipo tsempho palibepo. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Makinawo aona kuti mtima wafooka," anatero. "Anena chimene chaufooketsa?"

"Ayi, amayi. Zimenezo ngakhale madokotala sakudziwa bwino."

"Eya. Iwo aona bala, ife tikudziwa mpeni."

Madzulo ake ndikupakula ndiwo, anaona kuti za mng'ono wanga ndaphika padera. Nditawauza kuti dokotala waletsa mchere, anaika pansi chikho chimene anali nacho m'manja.

"Mchere? Achipatala omwe anena za mchere? Ndiye ukukana chiyani, mwana iwe? Tsempho limayendera mumchere, aliyense amadziwa."

Ndinayesa kunena kuti mchere umasunga madzi m'thupi, koma amayi anali atamva kale zimene ankafuna kumva. Pamwamba pa zonse anali ndi mfundo imodzi imene sindikanaigwetsa: munthuyo anavomera yekha.

Patapita milungu ingapo, ndikuweruka kusukulu, ndinapeza munthu ataima pachipata ndi njinga. Sindinamuzindikire msanga. Anali atada ndi makala, maso ofiira, malaya ong'ambika paphewa. Anali mlamu wanga. Atachoka kwathu anasowa chochita, chifukwa munda kwawo analibe, ndipo anayamba kukatenga makala ku Dzalanyama kukagulitsa m'tauni. Anamva kwa anthu a ku Mitundu kuti mkazi wake ali kwa ine ndipo akupezako bwino.

"Alamu, sindikufuna kukuvutitsani," anatero. "Ndangofuna kumva kwa inu. Akuti makina anaona matendawo?"

Ndinamufotokozera titaima pomwepo. Anamvetsera atagwira chiwongolero cha njinga ndi manja onse awiri. Nditamaliza anafunsa kuti, "Ndiye kuti si ine?"

"Dokotala akuti matendawa amabwera okha. Koma alamu, munavomereranji?"

Anayang'ana pansi. "Ankatsokomola thovu, alamu. Apongozi anati ndikapanda kuvomera afa mawa. Ndinaganiza kuti ngati bodza langa lingatsegule mankhwalawo, ndiname, bola akhale moyo. Ndinatchula mkazi wa ku Mitundu amene kulibe n'komwe. Ndinkati akachira ndidzamuuza zoona. Sanachire, ndipo mawu aja anatsala."

Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimamukhulupirira. Ndinamuuza kuti tipitire limodzi kunyumba, koma anakana, anati ndiyambe ndamufunsa mwiniwake.

Mng'ono wanga anali akuyamwitsa pamene ndinamuuza. Sanasangalale monga ndinkaganizira.

"Achemwali, inu panalibe," anatero. "Ananena pamaso pa amalume, pamaso pa azimayi aja, ine nditakhala pomwepo ndikulephera kupuma. Anatchula ndi malo omwe. Lero akuti linali bodza. Ndiye bodza ndi liti, lija kapena ili?"

"Tabuleti ija unaiona wekha."

"Inaonetsa mtima wanga. Wa iwowo sinaonetse."

Sindinamukakamize. Koma mlamu wanga anayamba kumabwera Loweruka lililonse, n'kumasiya pakhonde kathumba ka makala, nthawi zina tomato kapena usipa, osalowa m'nyumba. Loweruka lina mng'ono wanga anatuluka yekha n'kumupatsa mwana kuti amunyamule. Mlamuyo anayamba wapempha madzi osamba m'manja. Anakhala pakhondepo mpaka dzuwa kupendeka. Zimene anakambirana sindinamve, ndipo sindinafunse.

Nthawi yokaonetsanso mtima itakwana, kutentha kutayamba, mng'ono wanga anati bambo a anawo abwere nawo. Ulendo uno anatha kugona chammbali popanda mapilo, ndipo tabuleti inalandira zithunzi msanga. Tonse tinaweramira pagalasi. Mtima uja unkafinyikako kuposa poyamba, koma pang'ono chabe. Unali waukulube. Mtundu unabweranso wofiira.

Namwino anaika kachipangizo kaja pambali. "Wasinthako," anatero. "Koma sunabwerere. Thupi likumva bwino chifukwa cha mankhwala, osati chifukwa choti mtima wachira. Musanyengeke."

Mlamu wanga anaonetsetsa chinthu chotuwa chija chikunjenjemera. Kenako anafunsa funso limene sindinaganize kuti angafunse.

"Anesi, makinawa poti amaona zonsezi, sangathe kunena kuti achira liti?"

"Ayi, bambo. Amangonena mmene ulili lero."

"Nanga kuchiza?"

"Ayinso."

Anagwedeza mutu, n'kumuthandiza mkazi wake kuvala bulauzi. Tsiku lomwelo mng'ono wanga anaikitsa njira yolera ya pamkono, mwamuna wake atavomereza asanafunsidwe n'komwe.

Mvula itayandikira, mng'ono wanga anayamba kunena zobwerera kumudzi. Ndinamuletsa. Ndinati kuno chipatala chili pafupi, namwino ali khomo loyandikana, madzi ndimatunga ndine. Iye anati ana ake awiri akukula ngati amasiye mayi ali moyo, munda wake wagonera, ndipo watopa kukhala pakhonde la munthu ngati mphaka. Dokotala wa m'tauni anati angapite, bola azimwa mankhwala, azipita kukaonedwa, ndipo asagwire khasu. Anapita, ndipo anapita ndi mwamuna wake. Anauza amalume kuti nyumba ndi yake, mwamuna ndi wake, amene sakufuna asamabwere pakhomopo.

Amayi sanamuthamangitsenso mkamwini wawoyo, koma sanamulankhulenso. Akamupatsa moni ankayankhira kumbali. Chakudya chochokera m'nyumba mwake sankadya. Mlamu wanga ankalima yekha minda yonse iwiri, wawo ndi wa amayi, kutunga madzi, kutola nkhuni, ngakhale kuchapa matewera, mpaka anzake kumuseka kuti wadyetsedwa. Ndinkapitako kumapeto kwa mwezi uliwonse ndi mankhwala. Mng'ono wanga anali atanenepako, nkhope itawala. Ankaimbanso kutchalitchi, ngakhale ankaimba atakhala pansi. Anthu ankati wachira, ndipo nanenso ndinayamba kuiwala mtundu wofiira uja.

Anamwalira chimanga chili m'maondo, mwana asanakwanitse chaka. M'mawa umenewo mlamu wanga anali atapita kukabandira kumunda wakutali. Madzi anatha m'nyumba, ndipo mng'ono wanga anatenga kandowa kakang'ono n'kupita kumjigo, umene suli patali. Azimayi amene analipo anati anafika akucheza bwinobwino, anaika ndowa pamzere, n'kunena kuti akumva chizungulire. Anakhala pansi, kenako anagwera chammbali. Anamuthira madzi, anamukupiza ndi zitenje, wina anathamanga kukaitana njinga yamoto. Pofika nayo n'kuti atapita kale.

Foni inandipeza ndikulemba pabolodi. Ndikukumbuka kuti ndinamaliza chiganizo chimene ndinkalembacho, sindikudziwa chifukwa chake, kenako ndinauza ana kuti akopere, n'kutuluka. Namwino uja anandiperekeza mpaka kumudzi. M'njira anandiuza kuti mtima wofooka choncho nthawi zina umangosokonekera kagundidwe mwadzidzidzi, munthu akuoneka wabwinobwino, ndipo ngakhale akanakhala pakhonde langa mwina sakanamupulumutsa. Sindikudziwa ngati ankanena zoona zokhazokha kapena ankafuna kundipepuza.

Pamaliro mvula inagwa tsiku lonse. Mlamu wanga anakhala pakona ya nyumba, matope a kumunda akadali m'miyendo. Azibambo ankakhala momutalikira. M'nyumba ya siwa ndinamva azimayi akunong'onezana kuti anabwerera kudzamaliza zimene anayamba, kuti tsempho likagwira munthu silimusiya. Ndinaimirira pakati pawo n'kunena mokweza kuti mng'ono wanga wafa ndi matenda a mtima, ndinauona ndi maso anga, madokotala anauonanso. Mmodzi wa iwo anangoyambitsa nyimbo. Amayi anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi.

Mwambo womusudzula mlamu wanga unachitika mofulumira kuposa mmene zimakhalira. Ena amadikira mpaka atakolola, koma iye anauzidwa kuti ndi womasuka, angabwerere kwawo, chimanga chimene analima chisanache. Sanatsutse. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti aziloledwa kuona ana ake. Amalume anavomera. Amayi anati aziwaonera kumsewu, pabwalo pawo asapondenso.

Ana awiri aakulu anatsala ndi amayi. Wakhanda uja ndinamutenga ine, ndipo akukulira ku Nathenje. Kachipangizo kaja kanabwerera kwa eni ake kafukufuku wawo atatha. Namwino anandiuza kuti pa nthawi imene kanali kuno kanapeza amayi ena angapo a matenda omwewo, ndipo mmodzi wa iwo mtima wake unabwereratu mwakale. Anandilozera mayiyo tsiku lina pamsika, akugulitsa mandasi, mwana ali kumbuyo. Ndinamugula mandasi osamuuza kanthu. Anali wansangala, wolankhula mokweza, ndipo ndinachoka pamenepo ndikumva nsanje imene ndinachita nayo manyazi.

Ndi amayi nkhani imeneyi sitiikambanso. Akalamba, maso ayamba kuchita khungu, ndipo denga la nyumba yawo limadontha chifukwa palibe wolifolera bwino. Ndinawauza kuti mlamu uja wanena kuti angabwere kudzakonza ngati atamulola. Anati bola anyowe.

Mlamu wangayo sanakwatirenso. Anabwerera ku makala, koma anasiya atagwidwa ndi alonda a nkhalango n'kulandidwa njinga, ndipo tsopano amagwira maganyu m'madimba a anthu ku Mitundu. Pa tchuthi ndimapita ndi mwana kumudzi, ndipo ndimamutumizira uthenga. Amabwera n'kuima pansi pa mtengo wa mango wa pamphambano, pomwe njira yakwathu imapatukira. Ndimatenga ana atatu onse n'kupita nawo kumeneko. Aakuluwo amamuthamangira. Wamng'onoyo samudziwa bwino, amabisala kuseri kwa chitenje changa, ndipo bambo ake amagwada pafumbi n'kumamunyengerera ndi nzimbe mpaka atayandikira. Timakhala pamenepo ola limodzi kapena awiri. Kenako iye amalowera ku Mitundu wapansi, ife n'kubwerera kwa amayi.